Mwana wa Chifuwa Cholowa M'kati

Werengani Yohane 9:1-7.

M'komboni ya Misisi, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, muli mnyamata wina wa m'kalasi la ubatizo amene savula malaya ngakhale m'dzuwa la Okutobala. Anzake akamamenya mpira chifuwa chili pamtunda, iye amayima patali manja atapinda. Tsiku lina amake anandiululira chifukwa chake ndi misozi. Pakati pa chifuwa cha mwanayo mpolowa ngati kambale, ndipo akuchimuna anaweruza kalekale kuti umenewu ndi mdulo, kuti mayiyo sanadzisunge mwana ali wakhanda. Anamtemera mphini kwa sing'anga, koma dzenjelo silinachoke, ndipo mlandu unatsala pamutu pa mkazi wosalakwa.

Mlandu wotere si wa lero. Ophunzira a Yesu, poona munthu wobadwa wosaona, anafulumira kufunafuna wochimwa pakati pa iye ndi makolo ake. Ambuye anakana zonse ziwiri, natembenukira kwa munthuyo kukamchiza. Taonani kusiyana kwake: ophunzira anaona mlandu woti auzenge, Mpulumutsi anaona munthu woti amthandize. Nanga ife, amene tidziwa zambiri za thupi kuposa iwo, tidzakhala kumbali iti?

Pakuti madokotala chilema ichi achidziwa bwino, nachitcha pectus excavatum. Nthiti zathu zimalumikizana ndi fupa la pakati pa chifuwa mwa timafupa tofewa; pamene timeneti takula mokhota, timakankhira fupalo m'kati. Mwana amabadwa nacho, anyamata ochuluka koposa atsikana, ndipo kawirikawiri chimayenda m'mtundu monga msinkhu ndi khungu. Sichipatsirana. Dzenjelo limazama makamaka pa zaka zakusinkhuka, mwana akamatalika msanga, ndiyo nthawi yomwenso manyazi amaluma koposa. Ambiri amakhala nacho moyo wonse osavutika. Koma chikazama ndithu chimapanikiza mtima ndi mapapu, mwana nayamba kupuma mwawefuwefu pothamanga, kumva kuwawa m'chifuwa, ndi kutopa msanga. Pamenepo ife akulu, posadziwa, timamutcha waulesi.

Mulungu sanatisiye opanda thandizo. M'chaka cha 1949 dokotala wa ku America, Mark Ravitch, analongosola opaleshoni yochotsa timafupa tokhotato ndi kuwongola fupa la pakati. M'chaka cha 1987 Donald Nuss, amene anaphunzira udokotala ku Cape Town, anayamba njira ina ku Norfolk, m'dziko la America lomwelo: kulowetsa chitsulo chopindika kuseri kwa fupalo kuti chilitukule, ndi kuchichotsa patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Nzeru zotere nzochokera kwa Mlengi yemweyo amene anaumba nthiti, ndipo wopita nazo kuchipatala sanachepe chikhulupiriro ayi. Si mwana aliyense afunika mpeni. Koma wobanika, kapena amene msana wake wayamba kukhota, apite naye kukiliniki, kuti ngati nkofunika amtumize ku chipatala chachikulu cha UTH akamuyeze mtima.

Chenjezo limodzi, amayi, musaliphonye. Khanda limene chifuwa chake chikulowa m'kati pokoka mpweya, likupuma mofulumira ndi kutentha thupi, limenelo lingakhale ndi chibayo, nthenda ina ndithu, yopha msanga. Musadikire kuti kuche.

Tsono za mnyamata wathu uja. Ndinapita ndi mkulu wa mpingo kukakhala pansi ndi agogo ake, tinawerenga nawo mutu uwu wa Yohane, ndipo anamva ali chete, osavomera, osakananso. Mtima wa nkhalamba sutembenuka tsiku limodzi. Koma mawa lake anatuma mdzukulu wina kukapereka ndalama ya basi kwa mpongozi wawo, kuti apite ndi mwanayo kuchipatala. Mumkumbukire m'mapemphero anu mwezi uno, pamodzi ndi amake.