Wobwera ku Cipatala Alandiridwe Bwanji?

Pa cipatala ca boma ca Neno, ndiponso pa ca Lisungwi kumunsi kwa mapiri, nthawi zina abale amafika usiku atanyamula munthu wamkulu amene anayesa kudzicotsera moyo. Madokotala ndi anamwino amalimbana ndi imfa, ndipo kawiri-kawiri munthuyo amapulumuka. Pakapita masiku owerengeka amamuuza kuti abwerere kwao. Apa ndi pamene pabuka funso loti Akristu alilingalire mofatsa: kodi munthu wotere alandiridwe m'mudzi ngati wocimwa woyenera kudzudzulidwa, kapena ngati wodwala woyenera kusamalidwa?

Coyamba nkudziwa zimene zimamfikitsa munthu pamenepo. Akatswiri a zaumoyo apeza kuti cifukwa sicikhala cimodzi ai. Zina nza m'thupi ndi m'mutu: nthenda ya kukhumudwa imene imalanda munthu tulo ndi ciyembekezo, misala, khunyu, ululu wa matenda a mgonagona, ndi ukapolo wa kacasu kapena camba. Zina nza pakati pa anthu: kuyambana m'banja, kutha kwa ukwati, ngongole ya katapila, njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, manyazi a mlandu, ndi kusowa womudandaulira. Mlimi wa ku Dambe amene mbatatesi zake zaola osagulidwa, mwini ngongole ali pakhomo, iye namwa mowa kuti aiwale, nakafika kunyumba nkukangana ndi mkazi wake, wasenza mitolo inai usiku umodzi. Malipoti a polisi m'Malawi muno amaonetsa kuti ambiri ofa motere ndi amuna, amene ciyambire ubwana amauzidwa kuti mwamuna salira.

Kodi tsono kudziwa zifukwazi kukusandutsa coipa kukhala cabwino? Iai. Moyo ndi mphatso ya Mulungu, ndipo munthu ali kapitao wousunga, osati mwini wake. Koma Eklezia amasiyanitsa kuipa kwa cinthu ndi kukula kwa mlandu wa wocicita, pakuti chimo lalikulu limafuna nzeru zodziwa bwino ndi mtima wofuna mwaufulu. Ncifukwa cake Katekisimu wa mu 1992 amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo, nkhawa ndi mantha oopsa zingacepetse mlanduwo, ndi kuti pasakhale wotaya mtima za cipulumutso ca anthu otere. Malamulo a Eklezia a mu 1917 ankamana mwambo wa maliro odzipha mwadala. Malamulo a mu 1983 anacotsa mau amenewo. Ngati Eklezia sathamangira kuweruza wakufa, nanga mkristu wamba angaweruze bwanji wamoyo?

Komabe katundu akapepuka pa mutu wa wodwala sindiye kuti wazimirira: wagwera anansi ake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati anthu oposa 700,000 amadzipha caka ciri conse, ndi kuti cizindikiro cacikulu ca ngozi ndico cakuti munthu anayesapo kale. Masabata oyamba atacoka m'cipatala ndiwo oopsa kopambana, cifukwa ngongole ija ikali pomwepo, ndipo pamwamba pake pafika manyazi atsopano. Mudzi ukayamba kumuloza cala pa cigayo ndi pa mjigo, ukumaliza nchito imene dokotala anailetsa.

Nanga anansi acite ciani? Wodwala asasiyidwe yekha masiku amenewo. Mankhwala a m'munda ndi a m'nkhokwe asungidwe motsekera ndi munthu wina, pakuti maganizo odzipha kawiri-kawiri amabwera ngati mphepo ya mkuntho, napita. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, imfa zotere zinatsika ndi magawo pafupi-fupi 70 pa 100 pakati pa 1995 ndi 2015. Katekisti kapena mkulu wa mphakati asaope kumfunsa munthu mosabisa ngati maganizo aja abweranso. Kufunsa sikubzala ganizo, koma kutsegula pobisika kuti mafinya atuluke. Ndipo pemphero lisalowe m'malo mwa cipatala. Kuyambira mu 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo linayamba kugwira nchito pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo ku Neno, ndipo mu 2015 kunakhazikitsidwa sikelo imodzi ya matenda okhalitsa, m'mene odwala maganizo ndi khunyu amaonedwa pamodzi ndi a shuga ndi a HIV. Kumperekeza mbale ku sikelo yotere pa tsiku lake ndi nchito ya cifundo yosacepera kuzonda wam'ndende.

Mneneri Eliya nayenso anafika potopa ndi moyo m'cipululu, napempha imfa. Mulungu sanayambe ndi kumdzudzula: anamtumizira cakudya ndi madzi, namlola kugona, ndipo mau anabwera pambuyo pake. Akulu akale anati mutu umodzi susenza denga. Wobwera ku cipatala apeze nsima yofunda, mphasa yoyala pafupi ndi mbale wake, ndi malo ake akale m'chalichi tsiku la Mulungu. Mlandu wa mumtima mwake ukaweruzidwa ndi Mulungu yekha. Koma mlandu wa kumusiya yekha ukafunsidwa kwa anansi ake.