Mawu a pa Mtsamiro

Kuwerenga: Estere 4:10-17, 1 Mafumu 21:1-16, Mateyu 27:15-26



Tsiku lina ndinapita ku City Market kukagulira zitenje mwana wanga amene anali pafupi kulowa m'banja. Ndinapeza amayi atatu ogulitsa ataunjikana pa foni imodzi, ogula atawaiwala. Anali kuona zithunzi za mkazi wa Pulezidenti ali pa mwambo wina. Mmodzi anati, "Taonani nsalu iyo! Koma anthu ena anabadwa ndi mwayi." Mnzake anayankha kuti, "Ine atandipatsa sabata imodzi yokha ku State House, sindingabwererenso kuno." Wachitatu, mayi wachikulire, sanaseke nawo. Pondipindira zitenje zanga anati chapansipansi, "Ine ndimawamvera chisoni. Amuna anga akalakwa, amadziwa ndi aneba okha. Awo akalakwa, limalira ndi dziko lonse."

Mawu amenewa anandikhala mumtima mu minibasi yonse mpaka kwathu ku Kabwata. Ndi chifukwa chake lero ndifuna kuti tilingalire pamodzi za moyo ndi udindo wa mkazi wa mtsogoleri wa dziko, tione zimene Mawu a Mulungu atiphunzitsa ife kupyolera mwa iye.

Mpando umene palibe anauvotera

Pa tsiku la masankho timavotera mwamuna wake. Iye amalumbira atagwira Baibulo, ndipo malamulo aakulu a dziko amafotokoza ntchito yake ndi malire a mphamvu zake. Koma malamulo omwewo satchula udindo wa mkazi wake. Palibe anamuvotera, palibe lumbiro limene amachita. Komabe mayi ameneyu ali ndi chinthu chimodzi chimene nduna zonse zilibe. Alendo akapita, asilikali akatseka chipata, amene amatsala ndi mtsogoleri ndi iyeyo. Mawu omaliza amene mtsogoleri amamva asanagone ndi a mkazi wake. Awa ndiwo mawu a pa mtsamiro, ndipo amalemera kuposa mawu ambiri olankhulidwa pa msonkhano.

Tisanafike pa mawuwo, tiyeni tiyambe tachotsa nsanje m'mitima mwathu poona moyo wa amayi amene anakhalapo m'nyumba imeneyi.

Amayi Betty Kaunda anakwatiwa ndi a Kenneth Kaunda mu 1946, kulibe amene anali kulota za State House. Mu 1959 boma la atsamunda linagwira amuna awo, kuwatumiza ku Kabompo, kenaka kundende, mpaka anatuluka mu January 1960. M'zaka zovuta za nkhondo ya ufulu, mayiyu anafika pootcha makala kuti ana adye. Kuyambira 1960 mpaka 1962 banjali linali kukhala ku Chilenje, m'nyumba nambala 394, imene ikusungidwa ngati chikumbutso cha dziko. Amene simunapiteko, tsiku lina mukaione. Ndi kanyumba konga kathu komwe. Kuchokera mu 1964 iwo anakhala mayi wa dziko zaka 27. Kodi mpanda wa State House unawatchinjiriza ku misozi? Ayi. Mu 1986 anaika m'manda mwana wawo Masuzyo, ndipo chaka chotsatira a Kaunda anauza dziko lonse poyera kuti mwanayo anafa ndi Edzi, pa nthawi imene ambiri a ife tinali kubisa matendawa ngakhale kwa abale athu. Atachoka pa mpando mu 1991 mavuto sanathe. Pa Khirisimasi ya 1997 amuna awo anagwidwanso, ndipo mu November 1999 mwana wawo wina, Wezi, anawomberedwa pakhomo pake ku Kabulonga. Amayi Betty anamwalira mu September 2012 ku Harare.

Amene anabwera pambuyo pawo nawonso anamwera chikho chawo. Ukwati wa Amayi Vera ndi a Chiluba unatha mu 2001, amuna awo akadali pa mpando. Amayi Maureen Mwanawasa anakhala amasiye mu August 2008, amuna awo atamwalira ku Paris. Amayi Christine Kaseba anakhala amasiye mu October 2014, a Sata atamwalira ku London. Onse awiri anafunika kulongedza katundu ndi kutuluka m'nyumbamo misozi isanaume. Akuluakulu anati mlendo ndi mame. Aliyense wolowa m'nyumba ija ndi mlendo, ndipo dzuwa likakwera mame amakamuka.

Tsono funso lenileni pa mayi wotere ndi ili: pa masiku ochepa amene Mulungu anamuika pafupi ndi khutu la wolamulira, analigwiritsa ntchito bwanji khutulo? Baibulo litionetsa akazi atatu a olamulira, ndipo aliyense anayankha mwa njira yake.

Estere: anakumbukira kumene anachokera

Estere anali mwana wamasiye woleredwa ndi Moredekai. Atakhala mkazi wa mfumu Ahaswero, chiwembu cha Hamani chofuna kupha Ayuda onse chinamveka. Poyamba Estere anazengereza, ndipo chifukwa chake chinali chomveka. Lamulo linali lakuti wolowa kwa mfumu wosaitanidwa aphedwe, pokhapokha mfumu itamuloza ndi ndodo yake yagolide, ndipo panali patapita masiku 30 iye asanaitanidwe. Moredekai anamuchenjeza kuti mpanda wa nyumba ya mfumu sudzamupulumutsa, namufunsa ngati sichinali chifukwa cha nthawi yotereyi kuti Mulungu anamufikitsa pamenepo.

Taonani chimene Estere anachita. Asanatsegule pakamwa pamaso pa mfumu, anapempha anthu ake kuti asale kudya masiku atatu, iyenso ndi adzakazi ake anasala. Anayamba walankhula ndi Mulungu za mwamuna wake, kenaka analankhula ndi mwamuna wake za anthu a Mulungu. Ndipo zimene anapempha sizinali zake zokha. Anapempha moyo wa anthu amene analibe njira yolowera kwa mfumu.

Kunonso taonako zotere. Amayi Maureen Mwanawasa, amene anali loya, anakhazikitsa bungwe la Maureen Mwanawasa Community Initiative lothandiza amayi ndi ana, ndipo anatsogolerapo bungwe la akazi a atsogoleri a maiko a mu Africa lolimbana ndi Edzi. Anamwalira mu August 2024. Amayi Christine Kaseba, dokotala wa matenda a amayi amene anagwira ntchito zaka zambiri ku UTH, anagwiritsa ntchito dzina lawo kulankhula za khansa ya khomo la chiberekero, matenda amene ife timachita nawo manyazi kuwatchula pomwe akutitha. Sindikunena kuti amayiwa analibe zolakwa. Woweruza mitima ndi Mulungu yekha. Ndikunena kuti pamene anatembenuzira maso a dziko kwa odwala ndi osauka, anayenda m'mapazi a Estere. Ndipo ngati mayi wina pakati pathu sanapitebe kukapimitsa khomo la chiberekero ku kiliniki, mawu aja akudikirabe yankho lake.

Yezebeli: anabwereka chidindo cha mwamuna wake

Ahabu anasirira munda wamphesa wa Naboti umene unali pafupi ndi nyumba yake, kuti alimemo ndiwo zamasamba. Naboti anakana, pakuti unali cholowa cha makolo ake. Ahabu anabwerera kunyumba atakwiya, nagona pakama, nakana kudya. Dziwani kuti pa nthawi imeneyi Naboti anali akadali moyo. Ahabu anali atangonyanyala basi. Nkhani ikanathera pomwepo mkazi akanati, "Bambo, dzukani mudye, munda ndi wa mwini wake." Koma Yezebeli anamutonza kuti ndi mfumu yanji yokanidwa ndi munthu wamba. Analemba makalata m'dzina la Ahabu, nawadinda ndi chidindo chake, nakonza mboni ziwiri zonama, ndipo Naboti anaponyedwa miyala.

Amayi, tisafulumire kuloza chala ku State House. Yezebeli amapezeka ku Chelstone, ku Woodlands ndi ku Kabwata komwe. Mlamu wathu akamwalira, abale nasankha amuna athu kuti ayang'anire chuma cha masiye, ndani amanong'oneza usiku kuti, "Nyumba ija musaisiye, mkazi uja adzakwatiwa ndi wina"? Lamulo la dziko lathu la 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo likuti pa magawo 100 alionse ana alandire 50, wamasiye 20, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalira womwalirayo 10. Komabe amasiye angati atulutsidwa m'nyumba ndi mphika umodzi chifukwa cha mawu a mkazi mnzawo? Mwamuna akabwera ndi ndalama zoposa malipiro ake, ndani amalandira ndi manja awiri osafunsa kumene zachokera? Ndani amamuuza kuti, "Anzanu onse anamanga, inu nokha ndinu opusa"? Amuna ambiri amene analandira ziphuphu ku ofesi anayamba atopa ndi chitonzo cha kunyumba. Ndipo kumbukirani kuti Eliya atabwera ndi chiweruzo cha Mulungu, anatchula Ahabu, natchulanso Yezebeli ndi dzina lake. Mulungu amamva zonenedwa pa mtsamiro.

Mkazi wa Pilato: ananena zoona, sanamveredwe

Mayi wachitatu Baibulo silitiuza ngakhale dzina lake, ndipo nkhani yake ili m'ndime imodzi yokha. Pilato ali pa mpando woweruzira, mkazi wake anatumiza uthenga womuchenjeza kuti asachite kanthu pa munthu wolungamayo, pakuti anavutika kwambiri m'maloto chifukwa cha Iye. Pa tsiku limene ansembe aakulu anali kunama, khamu lili kufuula, ophunzira atathawa, mayi ameneyu anachitira umboni kuti Yesu ndi wosalakwa. Pilato sanamumvere. Anaopa khamu, nasamba m'manja.

Ndikudziwa kuti pakati pathu pali amayi amene mwakhala mukuchenjeza amuna anu zaka ndi zaka, za mowa, za ngongole, za ndalama zosadziwika bwino, ndipo yankho lake ndi lakuti, "Iwe udziwa chiyani?" Musataye mtima. Mulungu sadzakufunsani ngati anakumverani. Adzakufunsani ngati munanena zoona, mwaulemu ndi pa nthawi yake. Ndipo tikaona boma likulakwitsa, tisathamangire kunena kuti mkazi wa mtsogoleri ali chete. Zimene ananena chitseko chili chotseka ife sitinazimve.

Nanga ife tichite chiyani?

Choyamba, tiziwapempherera. Paulo pa 1 Timoteo 2:1-2 atilamula kupempherera mafumu ndi onse aulamuliro, ndipo analemba zimenezi pamene olamulira sanali Akhristu n'komwe. M'Chigwirizano muli amayi a zipani zosiyanasiyana, koma yunifolomu yathu ndi imodzi. Kuyambira Amayi Betty, kudzera mwa Amayi Thandiwe Banda, Amayi Esther Lungu, kufikira Amayi Mutinta Hichilema amene analowa mu 2021, aliyense anasangalatsa ena nakhumudwitsa ena. Pemphero lathu lisatsate chitenje cha chipani.

Chachiwiri, tisunge lilime. Katekisimu wa Heidelberg pofotokoza lamulo lachisanu ndi chinayi atiletsa miseche ndi kuweruza munthu tisanamumve. Lamuloli silinapatule akazi a atsogoleri. Uthenga wonyoza ukafika pa foni yanu, uthere pomwepo. Ngati pali cholakwa chenicheni, chinenedwe poyera ndi mwachilungamo monga anachitira Eliya.

Chachitatu, tisadikire mayi wa ku State House kuti adzachite zimene Mulungu anatituma ife. Mu July 2017 moto unatentha City Market, ndipo amalonda ambiri, ochuluka mwa iwo amayi, anataya katundu wawo yense. Pa tsoka lotere akuluakulu amabwera ndi makamera, napita. Amene amatsala ndi mnzako wa tebulo loyandikana nalo, amene angakubwereke kampamba kapena kukugawira salaula pang'ono kuti uyambirenso. Ntchito imeneyi ndi yathu, ndipo siifuna galimoto ya boma.

Chachinayi, aliyense adzifunse za khutu limene anapatsidwa. Wina amuna ake ndi mkulu wa mpingo, wina ndi abusa, wina ndi wapolisi, wina ndi wapampando pa msika. Amene muli amasiye kapena simunakwatiwe, muli ndi ana, alongo ndi adzukulu amene amakumverani. Miyambo 31, mutu umene timaukonda kwambiri pa maukwati, uyamba ndi malangizo a mayi kwa mwana wake mfumu Lemueli, omuuza kuti alankhulire osowa wowalankhulira ndi kuweruza osauka mwachilungamo. Mfumu ija inaphunzira chilungamo pa miyendo ya amake.

Tonsefe mawu athu a pa mtsamiro anatipalamulitsapo. Ine ndemwe ndikukumbukira usiku umene ndinasonkhezera mkwiyo wa amuna anga pa m'bale wawo, m'malo mouzimitsa, ndipo panapita zaka ziwiri asakulankhulana. Koma tili naye Yesu, amene analowa kwa Atate m'malo mwathu, osati ndi chiopsezo cha imfa chabe monga Estere, koma anafadi. Iye ali kudzanja lamanja la Mulungu kutipempherera. Kwa Iye kuli chikhululukiro cha lilime lathu, ndi mphamvu yoti usiku uno tilankhule mawu ena.

Mafunso okambirana

1. Ndi mawu ati amene timanena kunyumba amene angakankhire mwamuna kapena mwana ku ziphuphu?
2. Kodi m'dera lathu muli wamasiye amene analandidwa katundu? Chigwirizano chathu chingamuthandize bwanji mwezi uno?
3. Tingamulimbikitse bwanji mayi amene amanena zoona kunyumba koma samveredwa?

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumaika olamulira ndi kuwachotsa, tikupereka m'manja mwanu mtsogoleri wa dziko lathu ndi banja lake. Mupatseni mayi wa m'nyumba imeneyo mtima wokumbukira osauka ndi kulimba mtima ponena zoona. Tonthozani amene anatulukamo ali amasiye. Tikhululukireni nsanje ndi miseche yathu, ndipo yeretsani mawu amene timalankhula m'nyumba zathu pamene palibe wina wotimva koma Inu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.