Ntchito ya Pamalo Odikirira

Mwadzukanso pamalo pomwe simunasankhe. Mwina ndi dziko la eni. Mwina ndi pakhomo pa mbale wanu, ntchito itakutherani. Mumtima mukuti, ndingodikira kaye, zikadzayenda ndidzayambiranso.

Musanatuluke, tamvani za Max Beckmann.

Anabadwira ku Leipzig, m'dziko la Germany, mu 1884. Anali katswiri wojambula ndi utoto. Sankalabadira kuti nkhope ifanane ndendende ndi mwini wake. Ankafuna kuti muone zomwe mtima ukumva: mantha, phokoso, kupanikizika. Mizere yake inali yakuda ndi yonenepa. Anthu a m'zithunzi zake amakhala othithikana, ena omangidwa manja, ena atavala zisoti zachifumu.

Chipani cha Nazi chitalowa m'boma mu 1933, anam'chotsa ntchito yauphunzitsi ku Frankfurt. Kenako analanda zojambula zake zoposa 500 m'nyumba zoonetsera zaluso. Mu July 1937 anapachika zina pachionetsero cha ku Munich, chokonzedwa dala kuti anthu azibwera kudzaseka. Mwezi womwewo iye ndi mkazi wake Quappi anakwera sitima kupita ku Amsterdam. Anali ndi zaka 53. Ku Germany sanapondekonso.

Inu mukudziwa kuwawa kwake. Munthu kugwira ntchito zaka zambiri, mawa lake n'kumva kuti zonsezo n'zachabe.

Koma taonani izi. Ku Amsterdam sanapite kukakhazikika. Maso ake anali ku America. Visa sinatuluke. Mu May 1940 asilikali a Germany analanda Netherlands, ndipo omwe anawathawa aja anam'peza komweko. Njira zonse zinatsekeka. Pamalo pongodutsa panasanduka pokhala kwa zaka khumi.

Akanatha kukhala pansi n'kumawerenga masiku. Palibe akanam'dzudzula. M'malo mwake ankakwera masitepe kupita m'chipinda chake cha pamsewu wa Rokin, momwe kale munkasungidwa fodya. Ankayala nsalu, n'kutenga burashi. Mtima wake unkavuta kale, koma ankajambula. M'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945 mzinda unagwa m'njala yoopsa, chakudya ndi malasha zitasowa. Iye sanasiye.

Zotsatira zake n'zodabwitsa. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zithunzi zake zonse za utoto anazijambula m'zaka zodikira zimenezi. Pa zithunzi zake zikuluzikulu zisanu ndi zinayi za mbali zitatu, zisanu zinatuluka m'chipinda cha fodya chija. Nthawi yomwe inkaoneka ngati yotayika ndi imene inabala kwambiri.

Musandimve molakwa. Kuthamangitsidwa sikunali kwabwino. Njala sinali mphatso. Ndipo zomwe zikukuchitikirani inu sizikoma, palibe chifukwa chonamizira. Chomwe chilipo n'chakuti amene anam'landa ntchito, nyumba ndi ulemu analephera kum'landa zomwe manja ake ankadziwa. Luso linawoloka naye malire popanda chitupa.

Inunso muli nacho chomwe simunalandidwe. Mumadziwa kusoka, kapena kuphunzitsa mwana kuwerenga. Mumadziwa kukonza injini, kulemba, kuimba, kusamala wodwala. Chimenecho sichidikira chidindo cha munthu. Sichifunsa ngati muli kwanu.

Khomo la Beckmann linatseguka ndithu, koma mochedwa. Mu 1947, ali ndi zaka 63, anafika ku St. Louis kukaphunzitsa pa Washington University. Kenako anasamukira ku New York. Anangokhala ku America zaka zitatu, n'kumwalira mu December 1950. Tangoganizani akanasunga burashi yake mpaka tsiku la visa. Bwenzi zaka khumi zija zilibe kanthu.

Khomo lanunso likhoza kuchedwa kutseguka. Simungalikankhe ndi nkhawa. Pitirizani kugogoda, lembani makalata, funsani komwe muyenera kufunsa. Koma lero musalipereke lonse ku kudikira. Mwatopa, zikumveka, ndiye simukuyenera kuchita zambiri. Sankhani kanthu kamodzi komwe manja anu amadziwa. Pezani pangodya paliponse pomwe pali kuwala. Kayambeni dzuwa lisanakwere.