Kodi Thanthwe Limaulula Zamkati Mwake?

Mu 1948, injiniya wa ku Switzerland, Ernst Schmidt, anapanga nyundo yoyezera kulimba kwa konkire popanda kugumula khoma. Mkati mwake muli kachitsulo kokankhidwa ndi sipuling'i. Kakamenya, kamanjanja n'kubwerera, ndipo mtunda umene kabwerera umapereka nambala: cholimba chimakabweza patali, chofewa chimameza mphamvu yake. Posakhalitsa akatswiri a miyala anayamba kuyenda nayo m'migodi ndi m'mapiri.

Funso limene nyundoyi imadzutsa ndi lakalekale: kodi kunja kwa chinthu kungachitire umboni zamkati? Mneneri Samueli anangotsala pang'ono kudzoza Eliabu poona msinkhu wake, mpaka anakumbutsidwa kuti Mulungu amaona mtima. Koma womanga mlatho si Mulungu. Alibe diso lolowa m'thanthwe, chonsecho maziko akudikira chigamulo chake.

Nyundoyonso siona mkati. Imangomva masentimita ochepa a pamwamba, amene dzuwa ndi mvula zinawafooketsa kale, ndipo chinyezi kapena mng'alu wapafupi zimatsitsa nambala. N'chifukwa chake wodziwa ntchito samenya kamodzi. Amamenya malo ambiri, monga mayi wogula mbiya amaigogoda mbali zonse asanatulutse ndalama.

Nanga nambalayo imapeza kuti ulamuliro? Mu 1966, Deere ndi Miller a ku University of Illinois anamenya miyala yamitundumitundu ndi nyundoyi, kenako n'kuifinya m'makina mpaka kusweka, kuti aone nambala iti ikugwirizana ndi mphamvu iti. Choncho aliyense woyeza thanthwe osaliswa amatsamira pa miyala ina imene inasweka m'malo mwake, ndiponso pa kukhulupirika kwa anthu amene sanawaonepo. Ndi chikhulupiriro ndithu, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Kungoti si cha m'chimbulimbuli: pa ntchito yaikulu, injiniya wanzeru amaboolabe thanthwe n'kutumiza chidutswa kuti chikaswedwe.

Ku Jotunheimen, m'dziko la Norway, ofufuza anapezera ntchito chilema chenicheni cha nyundoyi. Popeza khungu la mwala limafewa likakhalitsa pamtetete, nambala yotsika imawathandiza kuyerekeza kuti papita zaka zingati chichokereni madzi oundana pamalopo. Kumeneko safunsa n'komwe zamkati; akufuna mbiri ya kunjako.