Singano Imodzi, Anthu Ambiri: Mfundo Zofunika Kuziganizira

1. Kachilombo ka HIV sikakhala m'mankhwala ozunguza bongo. Kamakhala m'magazi otsalira m'jakisoni. Munthu wodzibaya heroin akalowetsa singano pamkono, amayamba wakoka pang'ono kuti aone ngati wapeza mtsempha. Magazi akaoneka m'sirinji, ndiye amakankha. Kadontho kotsalira mmenemo nkokwanira kupatsira mnzake, ndipo pamalo pozizira kachilomboka katha kukhala ndi moyo m'sirinjimo mpaka masiku 42. Supuni yosungunuliramo mankhwala, thonje losefera ndi madzi otsukira, zikakhala zobwerekana, nazonso zimafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis C.

2. Kumana munthu singano sikuthetsa chibaba chake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, apolisi a mumzinda wa Edinburgh ku Scotland ankalanda masirinji, ndipo ogulitsa mankhwala analeka kuwagulitsa kwa odzibaya. Cholinga chinali chabwino: achinyamata asiye heroin. Koma sanasiye. Sirinji imodzi inayamba kuzungulira gulu lonse, kuchoka pamkono uwu kupita pamkono uwo. Pofika 1986, dokotala Roy Robertson wa kudera la Muirhouse ndi anzake anasonyeza kuti pafupifupi theka la odzibaya amene anawayeza anali ndi kachilombo. Ambiri anali achinyamata. Chaka chotsatira boma la Britain linayamba kuyesa malo osinthira masirinji akale ndi atsopano. Tisanaombere m'manja lamulo lililonse lokhwima, tizifunsa kuti amene talanda singano yakeyo usiku uno adzibaya ndi ya yani.

3. Umphawi umakometsa zoopsa. Ku Dar es Salaam kunapezeka mchitidwe wotchedwa flashblood: wina akadzibaya heroin amakoka magazi ake n'kupatsa mnzake wopanda ndalama kuti adzibaye nawo, poganiza kuti ululu wa chibaba uchepa. Ku South Africa, ena ogwiritsa ntchito mankhwala otchedwa nyaope amachita zomwezo, amati bluetooth. Nkosavuta kunyansidwa nazo. Koma munthu amene thupi lonse likuphwanya, akutuluka thukuta, akusanza ndi kutsegula m'mimba, samva za matenda odzaoneka patapita zaka. Chimene akufuna n'chakuti kum'chere.

4. Thandizo lilipo, ndipo aneba athu analiyesa. Mu 2011 chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinatsegula kiliniki ya methadone, mankhwala akumwa amene amaziziritsa chibaba cha heroin kwa tsiku lathunthu. Munthu amabwera m'mawa, kumwa pamaso pa namwino, n'kupita kukagwira ntchito. Ena amati uku n'kungosintha mankhwala ndi mankhwala anzake. Ine ndikuti amene wamwa methadone sakufunanso singano tsiku limenelo, ndipo poti amafika kuchipatala tsiku ndi tsiku, nkosavuta kumuyeza magazi, kumuyambitsa ma ARV ndi kumuona ngati ali ndi chifuwa chachikulu.

5. Mtsogoleri akamazengereza, kachilombo sikamudikira. Mu 2015, m'tauni yaing'ono ya Austin ku Indiana, m'dziko la America, HIV inabuka pakati pa anthu odzibaya mankhwala opha ululu otchedwa Opana. Lamulo la kumeneko linkaletsa kugawa masirinji, ndipo bwanamkubwa Mike Pence ankatsutsana nako. Anadzalola kumapeto kwa March, anthu ambiri atatenga kale. Onse opezeka nako anapitirira 200, m'tauni ya anthu pafupifupi 4,000. Makhalidwe abwino amene mtsogoleri akuteteza aziyesedwa ndi miyoyo imene yapulumuka.

6. Wodzibaya ndi mwana wa munthu. Ali ndi mkazi kapena mwamuna, ali ndi chibwenzi, ena ali ndi khanda kumsana. Kachilombo kakalowa pa singano kamatulukira pamphasa, n'kufika kwa anthu amene heroin sanamuonepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: heroin wochokera ku Afghanistan amatsitsidwa m'magombe a Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo wina amatsalira m'matauni amene wadutsamo.

7. Mawu athu amathamangitsa anthu kuchipatala. Mnyamata akafika ndi zipsera m'mikono, namwino n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kapena kuitana mnzake kuti adzaone, sabweranso. Kunyumba nako tikamutcha chitsiru, mbava, wolodzedwa, amakabisala m'nyumba zosamaliza kumanga komwe sirinji ndi imodzi. Ngati m'banja mwanu muli wotere, simungamusiyitse lero. Chimene mungathe lero ndi kumuperekeza kukayezetsa magazi, kumufunsira za mankhwala oteteza otchedwa PrEP ngati alibe kachilombo kapena ma ARV ngati ali nako, ndi kumuuza mosapita m'mbali kuti singano, supuni ndi thonje asabwerekane ndi wina aliyense, ngakhale mkazi wake.