Kodi cikondi ciyembekeze cilolezo ca makolo?

Buku la 2 States, limene Chetan Bhagat wa ku India anatulutsa mu 2009, likukamba za acinyamata awiri okondana. Krish kwawo ndi ku Delhi, m'banja la anthu a ku Punjab. Ananya kwawo ndi ku Chennai, kumwera kwenikweni kwa dzikolo. Anakumana pa sukulu ya zamalonda ku Ahmedabad. Makolo a mbali zonse anakana ukwatiwo, pakuti cinenero, zakudya ndi miyambo zinali zosiyana.

Cimene cinandigwira mtima powerenga n'cakuti awiriwa anali akuluakulu, a nchito zabwino, ndipo akanatha kuthawitsana. Sanatero. Krish anakagwira nchito ku Chennai, n'kumaphunzitsa mlongo wake wa Ananya ndi kuthandiza bambo ake pa nchito yawo, kufikira banjalo linamuzolowera. Ife a kuno ku Nsadzo zimenezi sitingazidabwe. Mkamwini amene amalima munda wa apongozi amacita comweco: amalola kuti amuone m'manja asanamukhulupirire pakamwa.

Ena amati kudikira koteroko ndi mantha cabe, ndipo okwatirana ndi awiri, osati mudzi. Ine sindivomereza. Cikondi ca awiri cimakwana pa masiku abwino okha. Mwana akadwala usiku, cimanga cikakanika, kapena mkangano ukakula m'nyumba, timathamangira kwa ankhoswe. Amene anathawitsana alibe khomo logogoda. N'cifukwa cake ndimaona kuti kupempha cilolezo ndi mbali ya cikondico: ukufuna kuti mnzako asataye abale ake cifukwa ca iwe.

Koma bukuli silikuti akulu amalondola nthawi zonse. Pa ukwati wa m'bale wa Krish, a kucimuna anafuna kuimitsa mwambo cifukwa galimoto imene a kucikazi anapereka inali yaing'ono. Akulu onse anasowa conena. Amene anaimirira n'kumucititsa manyazi mkwatiyo anali Ananya, mlendo wosafunidwa uja. Apa mpamene ndinaona malire. Makolo ali ndi ufulu wofunsa ngati mnyamata ndi waulemu, ngati samenya, ngati amagwira khasu. Alibe ufulu womukana cifukwa ndi Mnsenga, Mnyungwe kapena wa tsidya la malire ku Zambia, ngakhalenso womulandira cifukwa ca thumba lake lokha.

Kwathu kuno vuto lina ndi losiyana ndi la m'bukuli. Pali makolo amene sakana ai, koma amavomera msanga, mtsikana akali pa sukulu. Lamulo la Mozambique la 19/2019 limaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo cilolezo ca malume sicingaulungamitse. Ananya anatha kudikira, kukana ndi kulankhula pamaso pa akulu cifukwa anali ataphunzira ndipo anali ndi malipiro ake. Mtsikana wa zaka 15 alibe mphamvu imeneyo.

Tsono yankho langa ndi ili: cikondi ciyembekeze, inde, koma akulu akumbukire kuti nkhoswe ndi mboni ndi mkhalapakati, si mwini banja. Wacinyamata akaleza mtima n'kubwera kudzera pakhomo, ngongole yatsala kwa ife: kumuweruza pa makhalidwe ake, ndi kupereka cifukwa cimene tingacinene poyera popanda manyazi.