Thabwa muzilipima nokha, ana anga

Ana anga amene mwayamba kugwira macheka ndi hamala, khalani pansi ndikuuzeni za matabwa, chifukwa ntchito zambiri zimawonongekera pamsika, mmisiri asanakhome ndi msomali umodzi womwe.

Kwathu kuno timapima ndi miyeso iwiri. Kusukulu yaumisiri mwaphunzira mamilimita, ndipo pulani ya nyumba imabweranso m'mamilimita. Koma pitani kwa ogulitsa matabwa ku Ndirande kapena ku Mchesi, mukamva za thu bai fo, thu bai sikisi, utali wake mafiti 18. Malata timagula m'mafiti, misomali m'mainchi. Miyeso yomwe anatisiyira Angeleziyi sichoka lero kapena mawa, choncho idziweni yonse iwiri ngati zala za dzanja lanu.

Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo futi imodzi ndi mainchi 12. Ambiri amangoti inchi ndi 25, kotsalako n'kukataya. Pa mwendo wa mpando sizioneka. Koma mu mafiti 18 muli mainchi 216, ndipo mukadula powerengera 25, thabwalo liperewera ndi masentimita pafupifupi 9. Thabwa lodula kale silitalikanso. Tepi yanu ili ndi mainchi mbali ina, mamilimita mbali inayo. Mukayamba ntchito sankhani mbali imodzi, mnzanu wogwira kunsonga adziwenso, mpaka ntchito ithe.

Chomwe chimandiwawa kwambiri n'chakuti achinyamata mumagula dzina m'malo mogula thabwa. Thu bai fo weniweni amayenera kukhala pafupifupi mamilimita 50 kwa 100. Koma wocheka wina amaonza thabwa lililonse pang'ono kuti achotse matabwa ochuluka pachipika chimodzi. Lina limatuluka lonenepa kuno, loonda uko, chifukwa macheka anakhota. Likamauma limachepanso m'lifupi, mukalipala limatayanso mamilimita angapo. Ngakhale ku America, chomwe amachitcha thu bai fo chimangokhala mamilimita 38 kwa 89. Inu amene mukulota zopita ku Joni mukapeza matabwa a denga a 38 kwa 114. Ndiye musapite pamsika opanda tepi m'thumba. Pimani kunsonga zonse ziwiri ndi pakati pomwe, wogulitsa akuona. Akakwiya, pitani kwa wina.

Mukatha kupima thabwa, linyamuleni. Paini wauwisi amalemera, amazizira m'manja, nthawi zina amakhala ndi mathothomathotho akuda ngati nkhungu. Chitseko chopangidwa ndi thabwa lotero chimakongola sabata yoyamba, pakatha mwezi kuwala kwayamba kulowa m'mipata. Ikani nsonga imodzi pansi, inayo pafupi ndi diso, tsinzinani diso linalo muyang'ane m'mphepete mwake: kupindika konse kuonekera. Mfundo yaing'ono yolimba pakati pa thabwa si vuto, koma yaikulu ya m'mphepete, makamaka yakuda yogwedera, musaiike padenga. Mphepo ya mvula zoyamba idzathyolera pomwepo. Mukafika nawo matabwawo kunyumba, asanjeni pamthunzi, pamwamba pa njerwa, timitengo pakati pawo kuti mphepo izidutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Thabwa siliuma chifukwa choti mwini ntchito akukufulumizitsani.

Za mlombwa ndi mbawa ndingonena ziwiri. Mtima wofiirawo ndiwo wolimba, mbali yoyera yakunja ndi chakudya cha tizilombo. Ndipo musapake bulugamu utoto wofiira n'kumuuza munthu kuti ndi mbawa. Ameneyo wasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule bedi limodzi.

Dziwaninso kuti mitengo yatha. Nkhalango ya Chikangawa, yomwe inali ya mahekitala oposa 50,000, yadyedwa ndi moto ndi kudula kosabwezeretsa, n'chifukwa chake pamsika pachuluka matabwa a mitengo yanthete. Mkungudza wa ku Mulanje, umene chiswe sichiukhudza, watsala pang'ono kutheratu. Thabwa lililonse lomwe mwalidula molakwika lachokera mu mtengo womwe unatenga zaka zambiri kuti ukule.

Tsono ndikupempheni ichi, ana anga: musanalandire ndalama ya munthu, mulembereni papepala mtundu wa mtengo ndi muyeso weniweni wa thabwa lomwe mudzagwiritse ntchito, ndipo tsiku lopereka katundu mumupatse tepi apime yekha.